NGODYA YA ZAUMOYO: Kodi chithunzi cha chiwindi chingathandize chiyani?

Kalata ya mwezi uno yachokera kutali, pamwamba pa mapiri a Nyika m'boma la Rumphi. Olemba ndi mayi a mpingo wathu amene amagwira ntchito ku Chelinda, ndipo akudandaula za bambo awo owabereka, omwe m'kalatamo akuwatchula kuti adada monga anenera kwawoko. Andilola kuyankha pano bola ndisatchule dzina, poti mwina pali banja linanso lomwe laima pa mphambano yomweyi.

Bambowa ali ndi zaka 61. Zaka 2 zapitazo adawachita opaleshoni n'kuwadula chotupa cha khansa m'matumbo aakulu. Adachira bwino mpaka kubwerera kumunda. Koma miyezi yapitayi ayamba kutopa msanga, chakudya sichikuwakomera, ndipo akumva kulemera pansi pa nthiti za kudzanja lamanja. Mwana wawoyu adawatenga kuti azikhala naye ku Chelinda. Atapita nawo kuchipatala adawaunika pa sikani ija amaunikira amayi oyembekezera, ndipo padaoneka madontho awiri m'chiwindi. Achipatala alemba kalata yowatumiza kuchipatala chachikulu kuti akajambulidwe chithunzi china chotchedwa CT.

Apa ndi pomwe banja lagawanika. Mkulu wawo wa odwalawa akuti matendawo awaona kale, ndipo chithunzi sichichiritsa munthu. Ng'ombe imodzi yomwe yatsala m'khola, iwo akuti ndi bwino igulitsidwe kuti odwala azidya bwino ndiponso agulidwe mankhwala a m'mabotolo omwe munthu wina akutsatsa. Mayi olemba kalatawa akufunsa kuti: kodi ulendo wonsewu chifukwa cha chithunzi chokha ndi woyenera?

Funsoli si lopepuka, ndipo abambo aakuluwo sakulankhula zopusa. Kuchoka ku Chelinda kutsika kudzera pa geti ya Thazima mpaka pa boma pa Rumphi ndi mtunda woposa makilomita 100, gawo lalikulu msewu wafumbi umene nthawi ya mvula umavuta. Kuchoka apo kukafika ku Mzuzu ndi pafupifupi makilomita 70, ndipo ku Lilongwe ndi enanso oposa 350. Ngakhale chithandizo cha m'zipatala za boma n'chaulere, galimoto, chakudya cha gadiyani ndi masiku osagwira ntchito zimadya ndalama. Choncho tiyeni tione bwinobwino ntchito yomwe chithunzichi chimagwira.

Chifukwa chiyani khansa imakonda chiwindi?

Chiwindi cha munthu wamkulu chimalemera pafupifupi makilogalamu 1.5. Magazi ochokera m'chifu, m'matumbo ndi m'kapamba amayamba adutsa m'chiwindi asanapite kumtima, kudzera mumtsempha waukulu womwe madokotala amautcha portal vein. Mlengi adakonza chomwechi kuti zomwe tadya zisefedwe kaye. Koma sefa imagwira chilichonse chomwe chafika. Timaselo ta khansa tikathothoka pa chotupa cha m'matumbo, timayenda ndi magazi aja n'kukakodwa m'chiwindi, ndipo tina timamera momwemo. Khansa ya m'mawere, ya m'mapapo, ya kummero ndi ya m'chifu nazonso zimatha kufika m'chiwindi.

Anthu a ku Chelinda amvetsa msanga mfundo yotsatirayi. Mitengo ya paini yomwe idabzalidwa kumeneko m'zaka za m'ma 1950 imaulutsa njere zake ndi mphepo, ndipo timitengo timamera m'tchire kutali ndi nkhalango. Kamtengo kotere kangamere pakati pa udzu womwe mbidzi zimadya, koma ndi paini basi. Khansa nayonso imatero. Ya m'matumbo ikamera m'chiwindi imakhalabe khansa ya m'matumbo, ndipo mankhwala ake amasankhidwa potengera komwe idachokera.

Imeneyi ndi yosiyana ndi khansa yoyambira m'chiwindi momwemo, yomwe kuno kwathu imabwera kawirikawiri chifukwa cha kachilombo ka hepatitis B, chuku cha mu mtedza ndi chimanga chosasungidwa bwino, komanso mowa. Matenda awiriwa ali pamalo amodzi koma chithandizo chake n'chosiyana. Ntchito yoyamba ya chithunzi ndi kuthandiza dokotala kuwasiyanitsa.

Si dontho lililonse lomwe ndi khansa

Sikani yomwe bambowa aunikidwa kale imatchedwa ultrasound. Imatumiza phokoso lomwe khutu silingamve, ndipo makina amajambula chithunzi kuchokera ku phokoso lomwe labwerera. Siipweteka, ilibe cheza choopsa, ndipo imapezeka m'zipatala za m'maboma. Ndi poyambira pabwino. Vuto lake ndi loti timadontho tating'ono kwambiri imatha kutiphonya, mbali ina ya chiwindi imabisika kuseri kwa nthiti ndi mpweya wa m'matumbo, ndipo zomwe zaoneka zimadalira luso la amene wagwira makinawo tsikulo.

M'chiwindi mumapezekanso zinthu zina zooneka ngati madontho. Pali timatumba ta madzi tomwe anthu ambiri amakhala nato moyo wonse popanda vuto. Pali kachotupa ka mitsempha ya magazi kotchedwa haemangioma, komwe si khansa. Pali chithupsa cha mafinya chomwe chimachira ndi mankhwala kapena kupopa. Chifuwa chachikulu, makamaka mwa anthu omwe ali ndi HIV, chimathanso kusiya timadontho m'chiwindi ndi m'ziwalo zina za m'mimba. Likodzo la m'matumbo, lofala m'madera a kunyanja, limaumitsa chiwindi mwa mtundu wakewake.

Ndisakunamizeni, mayi. Kwa munthu yemwe adadwalapo khansa ya m'matumbo, madontho atsopano m'chiwindi nthawi zambiri amakhala khansa yomwe ija. Komabe dokotala wanzeru sayamba kupereka mankhwala amphamvu poganizira chabe. Pakakhala chikayiko, amalowetsa kasingano m'chotupacho akuyang'ana pa sikani kuti asaphonye, n'kutenga kanyama kakang'ono kokapima. Ku chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe kuli labotale yopima zinyama zotere yomwe idatsegulidwa mu 2011 mogwirizana ndi yunivesite ya North Carolina.

Zomwe CT imaona

CT ndi ekisire yozungulira. Wodwala amagona pa kabedi komwe kamalowa m'chibowo chachikulu cha makina, ndipo kompyuta imasonkhanitsa zithunzi zopyapyala zambirimbiri, ngati mmene timadulira buledi. Munthu woyamba kujambulidwa motere adajambulidwa ku London mu 1971 pa makina a Godfrey Hounsfield. Masamu ake adawaganiziranso Allan Cormack, wobadwira ku Johannesburg, amene adayamba kulingalira za nkhaniyi akugwira ntchito pa chipatala cha Groote Schuur ku Cape Town. Awiriwa adalandira mphoto ya Nobel mu 1979.

Pojambula chiwindi amabaya mankhwala owalitsa magazi mumtsempha wa pamkono, ndipo chinsinsi chagona pa nthawi. Chiwindi chimalandira pafupifupi magawo 3 mwa 4 a magazi ake kudzera mu portal vein uja, pomwe zotupa zimadya kwambiri kuchokera ku mtsempha wina wochokera kumtima. Pakadutsa masekondi pakati pa 60 ndi 70 chibayireni mankhwala, chiwindi chabwino chimawala kwambiri, ndipo zotupa zochokera m'matumbo zimaoneka zakuda pakati pa kuwalako. N'chifukwa chake wojambula amakuuzani kuti musapume kwa kanthawi. Mukagwedezeka pa masekondi amenewo chithunzi chimaonongeka.

CT imodzi imatha kuonetsa chifuwa, mimba ndi chiuno pa ulendo umodzi. Pali makina enanso otchedwa MRI, ogwiritsa ntchito maginito amphamvu, omwe amaona timadontho tating'ono ta m'chiwindi kuposa CT. MRI yoyamba m'dziko muno idafika ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre mu 2008, makamaka pa kafukufuku wa malungo a muubongo mwa ana. Makina otere akadali ochepa, ndipo dokotala amawapempha pokhapokha CT yasiya funso losayankhidwa.

Mafunso anayi omwe dokotala amafunsa chithunzi

Loyamba: zotupa zilipo zingati, ndipo n'zazikulu bwanji? Ultrasound yaona ziwiri. CT ikhoza kutsimikiza kuti n'ziwiridi, kapena kupeza zina 10 zomwe zidabisala.

Lachiwiri: zili mbali iti? Mu 1957 dokotala wa opaleshoni wa ku France, Claude Couinaud, adafotokoza kuti chiwindi chili ndi zigawo 8, chilichonse chokhala ndi mitsempha yake ya magazi komanso kanjira kake ka ndulu. Zili ngati nyumba ya zipinda 8, chilichonse ndi khomo lake. Chipinda chimodzi chikhoza kugwetsedwa zina n'kutsala zilili. Mukaona pa lipoti palembedwa segment 6 kapena segment 7, akunena zigawo zimenezi. Zotupa ziwiri zomwe zili m'zigawo zoyandikana m'mphepete mwa chiwindi n'zosiyana kwambiri ndi ziwiri zomwe zakumbatira mtsempha waukulu pakatikati.

Lachitatu: zikachotsedwa, chiwindi chotsala chikwanira? Chiwindi ndi chiwalo chodabwitsa chifukwa chikadulidwa chimakulanso m'masabata ndi miyezi yochepa. Komabe payenera kutsala gawo lokwanira kusunga moyo pamene chikukula. Madokotala amafuna kuti patsale pafupifupi 25 pa 100 ngati chiwindicho n'chathanzi, pafupifupi 30 ngati munthu walandira kemo wambiri, ndi 40 ngati chiwindi chidauma kale ndi matenda. Izi saziyeza ndi maso. Pa kompyuta amazungulira malire a chiwindi ndi a zotupa pa chithunzi chilichonse chopyapyala chija, kenaka kompyuta imawerengetsa kukula kwa gawo lotsala. Likachepa, m'zipatala zina amatseka mtsempha wopita ku mbali yodwala kuti mbali yabwino ikule kaye, n'kujambulanso patapita masabata angapo.

Lachinayi: kodi matendawa ali m'chiwindi mokha? Ngati afika m'mapapo, m'mafupa kapena amwazikana m'mimba monse, kudula chiwindi kungakhale kuzunza munthu popanda phindu.

Mayankho anayiwa ndi omwe amasankha njira. M'maiko momwe opaleshoni ya chiwindi ndi yofala, mwa odwala khansa ya m'matumbo omwe zotupa zawo za m'chiwindi zachotsedwa zonse, pafupifupi 4 kapena 5 mwa 10 alionse amakhala akadali moyo patatha zaka 5. Zotupa zing'onozing'ono zosapitirira masentimita 3 zimathanso kuotchedwa ndi singano yotentha yomwe imalowetsedwa motsogozedwa ndi sikani. Choncho mawu oti khansa yafika m'chiwindi satanthauza chinthu chimodzi kwa odwala onse.

Chithunzi choyamba ndi muyeso wa zonse zotsatira

Pali ntchito ina ya chithunzi yomwe mabanja ambiri saidziwa. Munthu akayamba kulandira kemo, tidziwa bwanji kuti mankhwalawo akugwira? Maonekedwe a wodwala amanamiza. Wina amafooka ndi kuthothoka tsitsi pomwe zotupa zikufota. Wina amaoneka wamphamvu pomwe zotupa zikukula mwakachetechete.

Madokotala a dziko lonse adagwirizana njira imodzi yoyezera, yotchedwa RECIST, yomwe idatuluka mu 2000 n'kukonzedwanso mu 2009. Amasankha zotupa zooneka bwino, zosapitirira ziwiri pa chiwalo chimodzi, n'kuphatikiza kutalika kwake. Tiyerekeze kuti china ndi mamilimita 40, china 20. Pamodzi ndi 60. Patatha miyezi iwiri kapena itatu ya mankhwala amajambulanso. Chiwerengero chikatsika ndi 30 pa 100 kapena kuposa, kutanthauza kufika pa 42 kapena kucheperapo, amati mankhwala akugwira. Chikakwera ndi 20 pa 100, kufika pa 72, kapena pakamera chotupa chatsopano, amati matenda akupitirira ndipo mankhwalawo ayenera kusinthidwa kapena kusiyidwa. Chikakhala pakatikati amati matenda aima, ndipo imeneyinso ndi nkhani yabwino. Pa khansa ya m'matumbo amaonjezerapo kupima magazi kotchedwa CEA, komwe kumathandiza kutsimikiza zomwe chithunzi chikuonetsa.

Taonani tsono kufunika kwa chithunzi choyamba. Popanda 60 uja, 42 satanthauza kanthu. Banja lomwe lataya chimbale cha CT yoyamba, kapena lasiya lipoti linyowe ndi mvula, lataya muyeso wake. Kwa anthu ochokera kutali ngati ku Chelinda, kudziwa msanga kuti mankhwala sakugwira kumapulumutsa maulendo ambiri opanda phindu, ndipo kudziwa kuti akugwira kumalimbitsa mtima wopitiriza.

Nanga makompyuta owerenga zithunzi?

Mwina mwamvapo pa wailesi kuti masiku ano makompyuta akumawerenga okha zithunzi za kuchipatala. N'zoona, ndipo zafika kale kuno. Ku Blantyre ofufuza adayesa pulogalamu ya kompyuta yoyang'ana ekisire ya pachifuwa posaka chifuwa chachikulu, ndipo mu 2021 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO lidavomereza njira imeneyi pa matenda amenewo.

Pa chiwindi ntchito ikadali m'njira. Mu 2017 akatswiri a m'maiko osiyanasiyana adachita mpikisano wotchedwa LiTS woona pulogalamu yomwe ingapeze yokha malire a chiwindi ndi zotupa zake pa CT. Zidaoneka kuti makompyuta amapeza malire a chiwindi bwino kwambiri, koma timadontho tating'ono timawavutabe. Phindu lake lenileni ndi kufulumizitsa ntchito yoyeza ija, yomwe pamanja imadya nthawi yaitali. Ofufuza ena akuyesa kuti kompyuta ione kusalala kapena kukhakhala kwa chotupa, komwe diso silingaone, n'kulosera ngati mankhwala adzagwire. Zimenezi zikadali pa kafukufuku.

Kwa ife kuno, komwe madokotala odziwa kuwerenga zithunzi ndi ochepa kwambiri, chomwe chikuthandiza lero n'chakuti chithunzi cha CT chimatha kutumizidwa pa intaneti kwa katswiri yemwe ali kutali. Chithunzi chikhoza kuyenda wodwala ali pakhomo. Koma kompyuta siidziwa kuti adada amatha kuyenda okha kapena ayi, amadya bwanji, ndiponso iwo eni akufuna chiyani. Izi amaziphatikiza ndi dokotala pokambirana ndi banja.

Njira zitatu

Chithunzi chikawerengedwa, banja limapezeka pa imodzi mwa njira zitatu.

Yoyamba ndi yofuna kuchotseratu matenda. Imatheka zotupa zikakhala zochepa, zili pamalo ofikirika, ndipo kwina konse kuli bwino. Kunena mosabisa, opaleshoni yaikulu ya chiwindi siichitika kawirikawiri m'dziko muno, ndipo odwala ena amayenera kutumizidwa kunja. Koma dokotala aliyense wa opaleshoni, kaya wa kuno kaya wa kunja, asanavomere kuona wodwala amayamba wafunsa zithunzi. Popanda CT khomo limeneli silitseguka n'komwe.

Yachiwiri ndi yochepetsa matenda ndi kutalikitsa moyo pogwiritsa ntchito kemo. Mankhwalawa amaperekedwa m'zipatala zazikulu, ndipo malo a boma othandizira odwala khansa a National Cancer Centre, omwe ali pa Kamuzu Central ku Lilongwe, adatsegulidwa mwalamulo mu 2025. Nthawi zina kemo amafotetsa zotupa mpaka zomwe zimaoneka zosadulika zimadzakhala zodulika, ndipo chithunzi chachiwiri ndi chomwe chimaulula zimenezi.

Yachitatu ndi yosamalira munthu kuti asavutike. Chithunzi chikaonetsa kuti chiwindi chadzaza ndipo thupi lafooka, dokotala woona mtima amanena kuti mankhwala amphamvu angofupikitsa masiku abwino omwe atsala. Izi zimapweteka kumva, komabe n'zothandiza. Banja siligulitsanso munda pothamangitsa chomwe kulibe. Wodwala amabwerera kwawo, pakati pa adzukulu ake, ndi mofini wakumwa wothetsa ululu, yemwe amapezeka m'zipatala za m'maboma. Ngakhale pa njira imeneyi sikani ikadali ndi ntchito. M'mimba mukadzaza madzi, ultrasound imaonetsa pobaya pabwino kuti apope munthu apume. Maso akachita chikasu, imaonetsa ngati njira ya ndulu yatsekeka. Malo ngati Tiyanjane ku Queen Elizabeth ndi Ndi Moyo ku Salima akhala akuonetsa kwa zaka zambiri kuti munthu yemwe sangachire akhoza kusamalidwa mwaulemu mpaka tsiku lomaliza.

Abambo aakulu anena zoona kuti chithunzi sichichiritsa. Koma popanda chithunzicho banja silingadziwe kuti lili pa njira iti mwa zitatuzi, ndipo ng'ombe ija ikhoza kuthera pa njira yolakwika.

Chikhulupiriro chathu ndi makina

Ena mu mpingo amaona ngati kudalira makina n'kuchepa chikhulupiriro, ndipo amati uthenga wathu wa zaumoyo ndi wa madzi, dzuwa, mpweya wabwino ndi zakudya zakumunda basi. Zimenezi n'zabwino ndipo tipitirize kuziphunzitsa. Koma mbiri ya mpingo wathu siidana ndi zipangizo zachipatala. Mu 1911 mayi Ellen G. White adalembera mwana wawo kuti adalandira chithandizo cha ekisire maulendo 23 chifukwa cha banga lakuda lomwe lidali pamphumi pawo, ndipo lidatha. Mu 1990 chipatala chathu cha Loma Linda ku America chidakhala chimodzi mwa zoyamba padziko lonse kukhala ndi makina ochizira khansa ndi cheza cha ma proton mkati mwa chipatala. Kuno kwathu Malamulo, yomwe idayamba ngati mishoni mu 1902, lero ikuphunzitsa madokotala a opaleshoni. Mfumu Hezekiya idapemphera misozi ili mbwembwembwe, Mulungu adamva, komabe Yesaya adalamula kuti pachithupsa paikidwe nkhuyu. Pemphero ndi chithandizo zidayendera limodzi.

Itanani akulu ampingo adzapemphere ndi kudzoza mafuta monga kalata ya Yakobo imatilangizira, ndipo m'mawa mwake mukwere galimoto. Palibe kutsutsana pamenepo.

Za mankhwala a m'mabotolo aja ndichenjeze mwamphamvu. Chilichonse chomwe munthu wamwa chimakathera m'chiwindi. Chiwindi chomwe chili kale ndi zotupa chikalandira zosakaniza zosadziwika chikhoza kutupa, magazi akapimidwa n'kupezeka kuti sali bwino, ndipo dokotala amakakamizika kuimitsa kemo yemwe akadathandiza. Mawu oti mankhwala ndi achilengedwe sakutanthauza kuti sangavulaze. Ngati adada amwa kale china chake, tengani botololo mukawaonetse adokotala popanda manyazi.

Musananyamuke

Safunsa adadya phula. Nazi zoyenera kuchita kuti ulendo umodzi ukwanire:

1. Pemphani achipatala omwe akukutumizani kuti ayambe afunsa ngati makina akugwira ntchito ndiponso tsiku lomwe mwapatsidwa. Musatsike phiri mongoyerekeza.

2. Tengani buku la kuchipatala, kalata yotumizira, lipoti la ultrasound, ndi mapepala onse a opaleshoni ya zaka 2 zapitazo, makamaka zotsatira za chotupa chomwe chidadulidwa. Ikani zonse m'pepala la pulasitiki, ndipo muzijambulenso pa foni.

3. Funsani ngati magazi oona mmene impso zikugwirira ntchito angapimidwiretu kufupi. Mankhwala owalitsa aja amatuluka kudzera mu impso, ndipo popanda zotsatirazi mukhoza kubwezedwa.

4. Nenani ngati odwala ali ndi shuga ndipo amamwa metformin, ngati ali ndi mphumu, kapena ngati mankhwala ena adawawengapo. Mayi aliyense wojambulidwa anene ngati akudziganizira kuti ndi woyembekezera. Pa MRI nenaninso za chitsulo chilichonse chomwe chili m'thupi.

5. Funsani ngati ayenera kukhala osadya, ndipo kwa maola angati. Mankhwala akamalowa munthu amamva kutentha thupi lonse ndi kukoma kwa chitsulo m'kamwa kwa kanthawi. Auzeni adada zimenezi asanalowe kuti asachite mantha.

6. Musachoke opanda chimbale kapena njira ina yosungira zithunzi, pamodzi ndi lipoti lolembedwa. Ngati lipoti lichedwa, funsani kuti lidzatuluka liti ndipo mudzalilandira bwanji.

7. Pokumana ndi dokotala funsani mafunso anayi aja, kenaka lachisanu: kodi cholinga cha chithandizochi ndi kuchotsa matenda, kuwachepetsa, kapena kuthetsa ululu? Ngati adada amamva bwino Chitumbuka, pemphani kuti wina awamasulire. Thupi ndi lawo, ndipo ayenera kumva ndi makutu awo.

Kwa ena tonse amene tikuwerenga, khansa yomwe yapezeka isanafalikire ndi yosavuta kuchiza kuposa yomwe yafika m'chiwindi. Magazi m'chimbudzi, kusintha kwa kapitidwe kuchimbudzi kwa masabata angapo, kuvutika kumeza, chotupa m'bere, kapena kutaya magazi kosadziwika bwino kwa amayi, zonsezi n'zopita nazo kuchipatala mwezi womwewo. Katemera wa hepatitis B ali m'gulu la akatemera a ana kuyambira 2002. Katemera woteteza atsikana ku khansa ya khomo la chiberekero adayamba kuyesedwa mu 2013 m'maboma a Rumphi ndi Zomba, asanafalikire dziko lonse mu 2019. Ndipo amene adachitidwapo opaleshoni ya khansa asasiye masiku okaonedwa chifukwa choti akumva bwino. Zotupa za m'chiwindi zimayamba mwakachetechete, ndipo nthawi yomwe zimadulika ndi yomwe munthu sanayambe kumva kanthu.

Tsono kwa inu mayi a ku Chelinda, yankho langa ndi lakuti pitani. Bambo anu akadali ndi mphamvu zoyenda, khansa yawo ndi ya mtundu womwe nthawi zina umachotseka m'chiwindi, ndipo madontho omwe aoneka ndi awiri. Zifukwa zimenezi n'zokwanira. Musanagulitse ng'ombe, kambiranani ndi abusa ndi amayi a Dorika za thandizo la ulendo, ndiponso funsani ngati pali banja la mpingo m'tauni lomwe lingasunge gadiyani. Mutu umodzi susenza denga. Ngati n'kotheka, abambo aakulu apite nawo, akaone okha chithunzicho ndi kufunsa mafunso awo. Munthu amene waona ndi maso ake savuta kugwirizana naye pobwerera, kaya uthenga ukhale wotani.

Mukabwerako mutilembere. Ife kuno tikhala tikuwakumbukira adada m'mapemphero a potsegulira Sabata.